Chaka Chimene Mtsinje Unaphwa ku Jeremani

Anthu kuno ku Iminyela, lokesheni ya ku Bulawayo, akamva kuti ndinagwirako ntchito ku Jeremani, amayamba kundifunsa za mizinda ikuluikulu, za matimu a mpira ndi za magalimoto. Ndimawagwiritsa mwala. Kumene ndinakhala ine kunali katauni kakang'ono m'mphepete mwa mtsinje, kochepa kuposa Njube, kokhala ndi msewu waukulu umodzi, tchalitchi cha nsanja yosongoka, ndi agalu ambiri kuposa ana. Dzina lake linandivuta chaka chathunthu, ndipo ndikalitchula pano anthu amayesa kuti chinachake chanditsamwa.

Bambo anga anachokera ku Ntcheu ali mnyamata, dziko likadali Nyasalande, n'kudzalowa ntchito ya njanji kuno ku Bulawayo. Ine ndinabadwira konkuno. Ndinaphunzira kuwotcherera zitsulo m'fakitale ina ku Belmont, ndipo fakitaleyo itatsekedwa ndinakhala zaka zambiri pansi pa mtengo ku Njube, ndikumata mawilibala ndi mageti a anthu magetsi akayaka. Akapanda kuyaka tinkangosewera bawo. Tsiku lina mnzanga wakale wa kufakitale, yemwe anali atapita kunja, ananditumizira uthenga kuti kuli malo ena okonzera zombo kumene akusowa wowotcherera, chifukwa anyamata akomweko sakuifunanso ntchito yogona pansi pa chitsulo. Mapepala anatenga nthawi yaitali moti ndinali nditataya mtima, koma anatuluka.

Ndinasiya mkazi wanga MaNcube, mwana wathu Thoko amene anali ku sekondale, ndi bambo, maso atayamba kale kuchita khungu. Tsiku lonyamuka bambo anali pakhonde. Anandigwira dzanja osafuna kulisiya.

"Ine ndinawauza amayi anga kuti ndikukagula njinga ndi bulangete, ndibwera mvula isanagwe," anatero. "Mvula zake ndi izi."

"Zaka ziwiri zokha, bambo."

Anaseka, n'kundisiya dzanja.

Ndinafika m'nyengo yozizira. Mwini ntchito, bambo wina wamtali wosakonda kulankhula dzina lake Uwe, anadzanditenga pasiteshoni. Tikutsetsereka phiri ndinauona mtsinjewo, ndipo ndinamupempha kuti aime kaye. Kwathu kuno Matsheumhlope timautcha mtsinje, koma mwana amaulumpha. Uwu unali madzi okhaokha, otuwa, akuyenda mwakachetechete, ndipo pakati pake pankadutsa chombo chachitali ngati sitima ya malasha, galimoto ya mwini wake itakwezedwa padenga, zovala zitayanikidwa kumbuyo. Uwe anandiyang'ana, n'kuyang'ana wotchi yake, koma sanandifulumizitse.

Malo athu antchito anali kumapeto kwa tauni. Panali njanji zotsetserekera m'madzi, ndipo chombo chikabwera tinkachikokera kumtunda ndi zingwe zachitsulo, n'kulowa pansi pake. Unkagona chagada pa thabwa, madzi oundana akukudonthera m'khosi, moto uli pamwamba pa nkhope. Zala zinkauma mpaka osamva kuti wagwira chiyani. Miyezi yoyamba ndinkadzuka kuli mdima n'kuweruka kuli mdima, moti ndinafunsa ngati dzuwa la kumeneko limagwira ganyu kwina.

Mnzanga pantchito anali Marek, wa ku Poland, munthu wamimba yaikulu ndi mtima wabwino. Iye sankadziwa Chingerezi, ine Chijeremani ndinkangotola mawu apa ndi apo, choncho tinapanga chilankhulo chathuchathu, chosakaniza manja ndi kutukwana. Ndinkakumbuka Chilapalapa, chilankhulo chosakaniza cha pantchito, chimene bambo ankalankhula ndi anzawo akale akamwa. Marek ankanditcha "kolega", kutanthauza mnzanga wapantchito. Ndiye anandiphunzitsa kuvala masokosi awiriawiri ndi kuika nyuzipepala pachifuwa m'kati mwa ovolosi. Nthawi ya nkhomaliro ankadula soseji yake pakati n'kundikankhira osanena kanthu. Nayenso anali ndi mkazi ndi ana kwawo, koma iye ankangokwera basi akafuna kukawaona. Ndinkamusirira basi imeneyo.

Ndinkagona m'chipinda chapamwamba kwa mayi wina wamasiye, Irmgard. Tauni yonse inkawatcha Oma, ndiye kuti agogo. Anandilandira ndi malamulo: nsapato pakhomo, zinyalala m'mabini osiyanasiyana, Lamlungu osachapa, osakhoma msomali. Ndikalowa m'nyumba ndinkamva akukiya chitseko cha chipinda chawo chochezera. Sindinawaimbe mlandu. M'tauni monsemo munthu wakuda ndinali ndekha, ndipo m'sitolo anthu ankasiya kulankhula ndikalowa.

Chinatsegula chitsekocho ndi nyimbo. Lamlungu lina ndinkapukuta nsapato pamasitepe ndikuimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi kwathu, imene mayi anga ankaikonda. Ndinangomva mawu onjenjemera akundivomera kuseri kwa chitseko, m'chilankhulo chawo, koma nyimbo yake yomweyo. Oma anatsegula.

"Mwaidziwira kuti nyimbo yathuyi?"

"Ndi yathu, Oma. Ndinabadwa ndikuimva."

Anapukusa mutu ngati ndawabera. Kenako anati khofi waphika, ndipo keke yawachulukira. Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse masana ndinkakhala patebulo pawo, ndipo Chijeremani changa chambiri ndinachiphunzira pamenepo, pakamwa pali keke.

Nyengo itafunda ankandipempha kuti ndiwagwire mkono tikayende kumtsinje. Mbiri ya tauniyo ndinaimva m'maulendo amenewa, pang'onopang'ono, chifukwa mawondo awo sankalola kufulumira. Anandionetsa khoma la nyumba ina yakale limene linali ndi mizere yojambulidwa, kusonyeza pamene madzi osefukira anafika m'zaka zosiyanasiyana. Mzere wina unali pamwamba pa mutu wanga ngakhale nditakweza mkono. Anandionetsa bwinja la linga pamwamba pa phiri.

"Amene ankakhala umo sankalima, sankaweta," anatero. "Ankangotchinga mtsinje ndi tcheni. Chombo chilichonse chodutsa chinkalipira. Tchalitchi ichi chinamangidwa ndi msonkho umenewo, ndiye musadabwe kuti n'chachikulu kuposa anthu ake."

Ankati tauniyo inkadya za mumtsinje ngati mwana pabere. Mchere unkakwera, mitengo ndi miyala yofiira zinkatsika. Amuna ankagumula miyala kuphiri, ena ankamanga zipika pamodzi n'kuziyandamitsa mpaka kumizinda yakutali, n'kubwerera wapansi. Akazi ankasamala mphesa m'mapiri otsetsereka moti munthu umalima utagwira chingwe. Panali nthawi imene nyumba iliyonse ya m'mbali mwa madzi inali ndi mwamuna woyendetsa chombo, ndipo malo okonzera zombo analipo angapo, osati a Uwe okha.

"Nanga zinatha bwanji?"

"Sizinathe tsiku limodzi. Kunabwera njanji, kenako msewu waukulu ndi malole. Miyala anayamba kugula yakunja yotchipa. Ana athu anaphunzira n'kupita. Wanga ali mumzinda, amabwera pa Khirisimasi." Analoza sitolo ina yotseka, mapepala atamatidwa pamagalasi. "Umu munali mophikira buledi. Umo munali mogulitsa zingwe ndi phula. Pano timadikira alendo a panjinga m'chilimwe, agule ayisikirimu, ajambule tchalitchi, azipita."

Ndinawauza za Belmont, mmene kale m'mawa njinga za antchito zinkadzazira msewu wochokera kumalokesheni, ndi mmene lero mafakitale ena asandukira matchalitchi, ena mukumera udzu. Anamvetsera bwino. Anati sankadziwa kuti ku Afirika kuli mafakitale oti n'kutsekedwa.

Nawonso sanali obadwira m'tauniyo. Anabwera ali kamtsikana nkhondo itangotha, kuchokera kum'mawa, pa ngolo ndi mayi awo. Anthu a m'tauni ankawabisira mbatata. Anadzakwatiwa ndi Heinz, mwana wa banja limene linkayendetsa pantoni yowolotsa anthu kuyambira nthawi ya agogo ake. Boma litamanga mlatho, pantoniyo inatsala yopanda ntchito. Heinz anayesa kumakweza alendo okaona malo, koma sizinayende, ndipo atamwalira pantoniyo anaikokera pakona ya malo a Uwe. Ndinkaiona tsiku lililonse, yadzimbiri, mitengo ing'onoing'ono itamera pakati pa matabwa ake. Uwe ankalonjeza chaka ndi chaka kuti aikonza.

"Ndakalambira kuno," Oma anatero tsiku lina, "koma pamaliro anga adzati wamwalira mayi uja wa kum'mawa."

Zaka ziwiri zija zinakwana, n'kupitirira. Ndalama ndinkatumiza mokhulupirika. MaNcube anamanga zipinda ziwiri kuseri, anazunguliza mpanda, anayamba kuweta nkhuku zogulitsa. Zonsezi ndinkaziona pafoni. Thoko anamaliza sukulu ndikumuona pafoni. Atapeza mwamuna, nkhani ya malowolo anaiyendetsa ndi msuweni wanga wa ku Nguboyenja, ine ndikungoyankha kuti chabwino, chabwino, nditakhala pa chitini cha penti kuseri kwa chombo. Kwathu ndinabwerako kamodzi kokha, kwa masabata ochepa, ndipo nthawi yonseyo inathera kulonjera anthu. Bambo anali atasiyiratu kuona. Anandipapasa nkhope n'kunena kuti ndanenepa ngati mzungu.

Kenako kunabwera chaka chouma. Mvula ya masika sinagwe, chilimwe chinatentha moti ndinkagwira ntchito nditavula malaya ngati ndili ku Njube. Mtsinje unayamba kutsika. Poyamba kunaoneka miyala m'mbali, kenako zilumba za mchenga pakati. Kunatuluka zinthu zimene madzi anabisa kalekale: njinga, anangula, mabotolo, ngakhale bomba la nthawi ya nkhondo, limene apolisi anatseka nalo msewu tsiku lonse. Anthu ankaima pamlatho madzulo, manja kumbuyo, kuyang'ana pansi ngati ali kuchipatala.

Kunena zoona, ine poyamba ndinkaseka. Iwo ankati mtsinje wauma, chonsecho madzi otsalawo akanamwetsa Bulawayo yense ndi ng'ombe zomwe. Ndinamuuza Marek kuti kwathu mpopi umatha masiku osadontha, iye n'kumayesa ndikucheza. Koma kuseka kunatha nditaona zimene madzi ochepa amachita kumeneko. Zombo zinayamba kunyamula katundu wochepa kuopa kukhula pansi, kenako zambiri zinangoima. Njanji zathu zokokera zombo zinatsala panja, nsonga zake zili pamatope ouma. Ngakhale chombo chikanabwera, sitikanatha kuchikweza. Tinasesa, tinapenta mpanda, tinasesanso. Uwe ankakhala muofesi chitseko chotseka.

M'masiku omwewo ndi mmene Thoko anandiimbira. Unali m'mawa, ndikupala dzimbiri pa chitsulo china kuti ndioneke ngati ndikugwira ntchito.

"Baba," anatero. Mwana wanga Chichewa amachimva koma salankhula kawirikawiri. Tsiku limenelo anayesetsa. "Agogo atisiya. Anagona, sanadzuke."

Ndinakhala pansi pomwepo. Marek anabwera, anandilanda chitsulo m'manja, n'kukaitana Uwe.

Sindikanatha kupita. Chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinali ku ofesi ya boma kukachiwonjezera nthawi, ndipo anandiuza kuti ndikatuluka chisanatuluke, kubwerera kudzavuta. Ngakhale ndikanati ndizitaye zonse, ndege yopezeka msanga panalibe, ndipo kwathu sakanasunga thupi nthawi yaitali. Msuweni wanga anati, "Achimwene, musadzivute, tiika ife. Tikuonetsani pafoni."

Tsiku loika maliro ndinachotsa matiresi pabedi, ndinawakankhira kukhoma, n'kukhala pansi. Ndinamva Oma akukwera masitepe, sitepe imodzi, kupuma, ina, kupuma. Chiyambire anali asanakwereko kuchipinda changa. Anaima pakhomo akupuma movutika, atanyamula mbale ya supu.

"Pepani kwambiri," anatero. "Ndakubweretserani ichi. Ndikusiyani mukhale nokha mwamtendere, sindikusokonezani."

Ndikudziwa kuti kwawo umenewo ndiwo ulemu. Koma mawu anangotuluka okha.

"Oma, kwathu namfedwa samusiya yekha. Anthu amabwera, amangokhala. Salankhula kanthu, amangokhala."

Anaika supu pansi n'kutsika. Ndinaganiza kuti ndawakhumudwitsa.

Patapita kanthawi ndinamva mapazi ambiri. Woyamba kulowa anali Marek, atasenza mipando ya kukhitchini. Pambuyo pake Uwe, atavala tayi, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Kenako mayi wa sitolo ya mankhwala, m'busa wamkazi wa tchalitchi chija, ndi madala awiri amene kale ankayendetsa zombo, omwe ndinkangowaona pabenchi ya kumtsinje ndipo anali asanandipatsepo moni. Oma anawaimbira foni mmodzimmodzi. Anakhala pamipando mowongoka, zipewa pamawondo, osadziwa poyang'ana. Marek anaona kuti ine ndili pansi, anavula nsapato n'kudzakhala pambali panga, mimba yake ikumuvutitsa.

Foni ndinaitsamiritsa ku chitini cha shuga. Tinkaona fumbi la kumanda a ku Luveve, miyendo ya anthu, bokosi, kenako chithunzi n'kuima, n'kubwereranso. Ndinaona MaNcube atafunda chitenje kumutu, atagwiridwa ndi amayi a mumpingo. Iye ndi amene anawasamala bambo zaka zonsezo, kuwasambitsa, kuwatsogolera kuchimbudzi, kumva nkhani zawo za ku Ntcheu mobwerezabwereza mpaka Chichewa chake chinaposa changa. Amayi atayamba kuimba, Oma anatseka maso n'kumang'ung'udza nawo, ngakhale nyimbo imeneyo sankaidziwa.

Mmodzi wa madala aja anatsokomola n'kundifunsa, "Ankagwira ntchito yanji bambo anu?"

"Ya njanji. Ankakonza njira ya sitima."

"Zaka zingati?"

"Moyo wawo wonse. Kudziko la eni."

Anayang'ana mnzake. Bokosi likutsikira m'manda, madala awiriwo anaimirira, mmodzi atagwira mnzake paphewa, ndipo ena onse anaimiriranso. Pamenepo m'pamene ndinalira. Palibe anandiletsa, palibenso anachoka. Anakhala mpaka foni inatha moto, ndipo Oma anatuma Uwe kukatenga keke kunsi.

Mtsinje sunabwerere msanga. Chilimwe chisanathe Uwe anatiitana muofesi. Anati wagulitsa malowo kwa anthu ofuna kumangapo nyumba zogona alendo, zoyang'ana kumadzi. Anati agogo ake ndi amene anayamba ntchitoyo, ndipo mwana wake wamkazi, yemwe ndi dokotala wa mano mumzinda, anamuuza kale kuti asamusungire. Ankalankhula akuyang'ana pawindo. Ntchito yathu yomaliza inali kuchotsa chilichonse pamalopo. Pantoni ija inayenera kudulidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha.

Marek anati msana ukumupweteka, iye azingonyamula zidutswa. Ndinadziwa kuti akunama. Moto wodulira unatsalira ine.

Madzulo ake ndinawauza Oma ndekha, asanamve kwa ena. Anali akusenda mbatata. Sanasiye kusenda.

"Uwe wandiuza kale," anatero. "Mudula ndinu?"

"Ndine, Oma. Mukakana, ndikamuuza apeze wina."

"Wina adzaidula ngati akupha njoka. Dulani inuyo. Koma mudule mowongoka. Heinz ankadana ndi ntchito yokhotakhota."

M'mawa mwake anabwera ndi kampando kopinda ndi ambulera, n'kukhala kuseri kwa mpanda. Anabweranso tsiku lotsatira, ndi linalo. Ndikazimitsa moto kuti ndipume, ankandiitana n'kumandiuza za pantoniyo. Inkawolotsa ng'ombe kupita kumsika. Inkawolotsa akwati, oimba malipenga ali kutsogolo. Manda akale anali kutsidya, choncho aliyense wa m'tauniyo ankaikwera ulendo womaliza, ndipo Heinz maliro sankawalipiritsa. Anandionetsa pamene anaima tsiku limene Heinz anawalankhula koyamba, akuwakalipira kuti aponda chingwe. Ndinkamvetsera, n'kuvalanso magalasi, n'kukadula pomwe andionetsapo. Chitsulo chake chinali chokhuthala, cha kale, chosafuna kugonja. Ndinajambula mizere ndi choko ndipo ndinaitsata bwinobwino.

Sanalire mpaka tsiku limene kireni inanyamula kanyumba ka woyendetsa n'kukaika pa lole. Ngakhale pamenepo anangotulutsa kansalu m'thumba, n'kupukuta magalasi awo nthawi yaitali. Ine ndinali nditawadulira kachitsulo ka pachitseko, pamene panali posalala chifukwa cha dzanja la mwamuna wawo. Anakagwira, anakasisita, n'kundibwezera.

"Ndikaika pati? Ndikafa mwana wanga adzangokataya. Kaponyeni pa lole, kapite ndi kanzake."

Ndinakaponya.

Uwe sanatitaye. Anatipezera malo, ine ndi Marek, kumalo aakulu omangira zombo kumpoto, kunyanja yamchere. Malipiro ake anali abwino kuposa a kwa iye. Marek anasangalala. "Kolega, zaka ziwiri zokha," anatero, akundionetsa zala ziwiri zonenepa. "Kenako upite kwanu ngati bwana."

Lamlungu ndinamuimbira MaNcube kumuuza nkhani yabwinoyo. Anamvetsera osandidula. Kumbuyo ndinkamva nkhuku ndi kulira kwa mwana wa Thoko, amene ndinali ndisanamunyamulepo.

"SekaThoko," anatero, ndiye kuti bambo a Thoko, monga amandiitanira m'Chindebele chakwawo, "ndalama zikufika, ngiyabonga, ndathokoza. Nyumba yatha, mpanda watha. Tsopano mukufuna timangenso chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza za ukalamba, za kusunga kenakake.

"Ubaba, bambo anu, ndawaika ine," anatero. "Masiku awo omaliza ankalankhula ndi amayi awo, kuwauza kuti njinga agula, akubwera. Ine ndinkavomera m'malo mwa amayiwo, kuti bwera mwana wanga. Sindikufuna Thoko adzachite zimenezo ndi inu pafoni. Ngati mwasankha kukhala mtchona, ndiuzeni lero, ndidziwe pokhala."

Mawu amenewo ndinakula ndikuwamva akunenedwa za ena, amuna amene anapita kumigodi n'kuiwala njira yakwawo. Sindinaganizepo kuti angadzandikwane ine, munthu wotumiza ndalama mwezi uliwonse. Komatu bambo nawonso ankatumiza.

Ndinatsika kukamwa khofi ndi Oma. Ndinawauza zonse. Ndinkadziwa kuti ndikachoka chipinda chapamwamba chikhala chopanda munthu, ndipo sipadzakhala wowagwira mkono popita kumtsinje, kaya ndipite kumpoto kaya kwathu. Sananene kuti pitani, sananenenso kuti khalani. Anangondifunsa dzina la mdzukulu wanga, n'kuyesa kulitchula kangapo, Nomsa, Nomsa, mpaka analikhoza.

Nditamuuza kuti ine ndikubwerera kwathu, Marek anakwiya nane masiku awiri. Lachitatu anandibweretsera jekete lake lachikopa kuti ndikapatse mkamwini wanga, ngakhale ndinamuuza kuti ku Bulawayo munthu angapse nalo. Sabata imene ndinkanyamuka mvula inayamba kugwa. Uwe akundiperekeza kusiteshoni ndinaona zilumba za mchenga zija zikumira, ndi chombo choyamba chikukwera mtsinje, chodzaza mpaka m'milomo. Pamalo athu antchito panali pataima kale chikwangwani chojambulidwa nyumba zoyera ndi anthu akumwa vinyo pakhonde. Oma sanabwere kusiteshoni. Anatsanzikana nane pakhomo, anandikonza kolala, n'kundiuza kuti nsapato zanga ankazimva usiku uliwonse ndikamakwera masitepe, ndipo ankagona bwino akazimva.

Ndinafika ku Iminyela masana, kombi itanditsitsa pakona. Nyumba yanga ndinaipitirira, chifukwa mpanda ndinkaudziwa pafoni pokha. Anandilandira bwino, ndisaname. Kunabwera abale a ku Nguboyenja ndi ku Njube, kunaphedwa nkhuku, aliyense ankafuna kudziwa chimene ndamubweretsera. Nomsa atandiona anabisala kuseri kwa siketi ya mayi ake n'kukuwa. Thoko anali mayi wamkulu tsopano, woyenda ku Botswana kukaoda katundu, wolankhula mofulumira pafoni ziwiri. M'chipinda cha bambo munkagona mwamuna wina wa ku Mangochi wochita lendi, amene ankasonkhanitsa ndalama zopitira ku Joni. Ndinapita ku Luveve ndi msuweni wanga, ndipo pakanapanda iye manda sindikanawapeza. Ndinagwada, ndinawauza bambo kuti ndabwera. Zina zimene ndinawauza ndi zathu.

Alendo atabalalika ndinayembekeza kuti moyo uyamba. Koma masabata anapita ine ndikusungidwabe ngati dzira. Chakudya ankandipakulira m'mbale zagalasi za m'kabati, zimene timatulutsira abusa. Madzi osamba ndinkawapeza atayikidwa kale. Ndikati ndithandize kukhola la nkhuku, MaNcube ankati, "Pumulani, mwatopa." Makiyi a geti sindinkadziwa pamene amakhala. Nkhani za m'nyumba, za chakudya cha nkhuku, za lendi, za sukulu ya mkaka ya Nomsa, ankakambirana ndi Thoko m'Chindebele chothamanga, ndipo ndikalowa ankandimwetulira n'kundifunsa ngati ndikufuna tiyi. Panalibe amene anandilakwira. Anali ataphunzira kukhala popanda ine, ndipo anaphunzira bwino. Ndinkakhala pakhonde pamene bambo ankakhala, nditavala malaya oyera, n'kumadzifunsa ngati Marek sananene zoona za zaka ziwiri zija.

Nthawi imeneyo madzi anali atatha m'mipopi masiku ambiri. Tsiku lina chakumasana mpopi wa panja unayamba kutsokomola. Kunyumba yoyandikana nafe mwana anakuwa, "Amanzi! Abuyile!" kuti madzi abwera, ndipo msewu wonse unadzuka. Zidebe zinagundana, Thoko anataya foni pampando, bambo wa ku Mangochi anatuluka ndi mapoto, ngakhale Nomsa anathamanga ndi kabotolo kake. Ine ndinaimirira pakhonde, osadziwa kuti chidebe chiti ndi cha chiyani.

MaNcube anatulukira kuseri atanyamula zigubu ziwiri, thukuta lili kamukamu, duku litapendekeka. Anandiona.

"Hawu, sekaThoko! Mwangoima ngati mlendo bwanji? Manja munawasiya ku Jeremani? Tengani chigubu icho mukadzaze diramu la kukhola, madzi awa sachedwa kuthawa!"

Ndinathamanga. Ulendo woyamba ndinapunthwa pa sitepe n'kutaya theka.

"Taonani! Madzi a sabata yonse mukuthirira fumbi! Gwirani ndi manja awiri, inu!"

Thoko anaseka mpaka anakhala pansi. Nomsa anayamba kunditsatira pambuyo ndi kabotolo kake, uku ndi uku, akundilangiza m'Chindebele pothira. Ndinanyamula mpaka mpopi unayambanso kutsokomola n'kuuma, malaya oyera aja ali matope okhaokha, msana ukuwawa kuposa mmene unkawawira pansi pa chombo. Madzulo ake MaNcube anandipakulira m'mbale yapulasitiki yong'aluka m'mphepete, ngati wina aliyense, ndipo ndisanamalize kudya anandiuza kuti mawa ndidzuke msanga, chitseko cha khola chathyoka ndipo iye watopa kuchimanga ndi waya.